Ndemanga pa phukusi lophunzitsira ana kusoka zovala zoyaka magetsi

Kwa milungu isanu ndakhala ndikukhala pansi ndi ana awiri, mwana wanga wamkazi wa zaka 9 ndi msuweni wake wamwamuna wa zaka 12, yemwe ndi mwana wa mchimwene wanga, tikuyesa phukusi la zipangizo zophunzitsira ana kusokerera timababu ta LED pansalu pogwiritsa ntchito ulusi wodutsa magetsi. Maphukusi oterewa akupangidwa ndi makampani ambiri masiku ano ndipo zamkati mwake sizisiyana kwenikweni, choncho zimene ndilembe pano zithandizanso munthu amene akuganiza zogula la kampani ina iliyonse, malinga ngati lili la ana oyamba kumene, lomwe silifuna kompyuta kapena kuwotcherera mawaya. Maganizo anga ndi akuti phukusili ndi loyenera kuligula, ngakhale kuti ubwino wake suli pamene otsatsa malonda amalozapo. Pabokosi pali chithunzi cha mwana akumwetulira atavala chibangili chowala, koma kwa ife phindu lalikulu linabwera pa nthawi imene chibangili chinkakana kuyaka, mwana n'kuyamba kutsatira ulusi wake ndi chala, msoko ndi msoko, kuti apeze pamene walakwitsa.

M'bokosimo munali zinthu zochepa kuposa mmene ndinkayembekezera, komabe zinali zosankhidwa mwanzeru. Munali timababu 10 ta mitundu inayi, kalikonse komatidwa pa kathabwa kakang'ono kokhala ndi mabowo awiri, lina lolembedwa chizindikiro cha pulasi ndipo lina cha mainasi. Munalinso mabatire atatu a mtundu wa CR2032, ooneka ngati ndalama yachitsulo, tizipangizo titatu tolowetsamo mabatirewo, kaswichi kamodzi, mabatani achitsulo ongodina, singano zitatu za diso lalikulu, nsalu zokhuthala za felt, mpukutu umodzi wa ulusi wotuwa wopota ndi tiulusi ta chitsulo chosachita dzimbiri, kachipangizo kamodzi kophethiritsa mababu, ndi kabuku ka malangizo kokhala ndi ntchito zinayi. Sizasi, choko, guluu ndi ulusi wamba simunali, ndipo munthu ayenera kuzikonzeratu asanaitane ana.

Nzeru yopanga zipangizo zamagetsi zokhala ndi mabowo akuluakulu olowa singano inatchuka ndi Leah Buechley, amene anapanga LilyPad Arduino akuchita maphunziro a ukachenjede pa yunivesite ya Colorado ku Boulder, ndipo kampani ya SparkFun inayamba kuigulitsa mu 2007. Kathabwa kake kanali kozungulira, kofiirira, kokhala ndi mabowo kuzungulira m'mphepete monse, ndipo dzina lake limatanthauza tsamba la kakombo. Kanachokera pa Arduino, kakompyuta kakang'ono kamene kanayambira mu mzinda wa Ivrea ku Italy mu 2005, koma Buechley anakasintha kuti ulusi ugwire ntchito imene waya ankagwira. Pambuyo pake iye anatsogolera gulu lofufuza la High-Low Tech ku MIT Media Lab, malo ochitira kafukufuku pa yunivesite ya MIT ku United States, ndipo kafukufuku amene anachita ndi Benjamin Mako Hill mu 2010 anaonetsa kuti ntchito zambiri zopangidwa ndi LilyPad zinali za akazi, pomwe pa ntchito za Arduino wamba akazi anali ochepa zedi. Kampani ya Adafruit inatulutsanso kathabwa kake kosokerera, Flora, mu 2012. Phukusi limene ife tinayesa si la makampani amenewa, koma kapangidwe ka mabowo ake kakusonyeza kuti linatengera komweko, ndipo mbiriyi ndaitchula chifukwa inandithandiza kumvetsa kuti kusokaku sikunaikidwemo pofuna kungokometsa phunziro la magetsi. Amene anayambitsa zimenezi ankafuna kuti munthu wodziwa kale singano alowe mu zamagetsi kudzera pa luso lomwe ali nalo m'manja.

Kuti kababu kayake, magetsi ayenera kuchoka ku pulasi ya batire, kudutsa m'kababumo, n'kubwerera ku mainasi, popanda malo oduka komanso popanda njira yachidule yolambalala kababuko. Mwana angathe kuloweza mawu amenewa m'mphindi imodzi osawamvetsa ngakhale pang'ono. Pa kathabwa ka breadboard kamene ambiri amaphunzirirapo, timizere tachitsulo tolumikiza mabowo timabisika mkati mwa pulasitiki, ndipo mwana amangobaya waya pamene chithunzi chamuuza. Pansalu palibe chobisika, chifukwa njira yonse ya magetsi ndi ulusi umene mwanayo wasoka yekha, ndipo ulusiwo ulibe chovala chapulasitiki monga waya, kotero kuti paliponse pamene mizere iwiri yakhudzana magetsi amadutsa pomwepo. Kusavala kwa ulusiku kumabweretsa mavuto ambiri, koma ndi komwenso kunaphunzitsa ana angawa zinthu zimene ine sindikanatha kuwafotokozera ndi pakamwa.

Tsiku loyamba linatha pa ntchito imodzi yokha, kachizindikiro koika m'buku kokhala ndi kababu kamodzi. Ulusi wachitsulowu ndi wokakala, umamasuka kunsonga ukangodulidwa, ndipo mfundo zake zimapulumuka ngati sizinakokedwe mwamphamvu, motero kungoulowetsa m'diso la singano kunatenga mwana wanga nthawi yaitali kufikira pamene ndinamuonetsa kupinda nsonga yake pawiri. Atayamba kusoka anachita bwino ndithu. Anazunguliza ulusi katatu pa bowo la pulasi la batire, anasoka timisoko tofanana mpaka pa bowo la pulasi la kababu, ndipo atafika pamenepo anangopitiriza ndi ulusi womwewo kupita pa bowo la mainasi, n'kubwerera nawo ku batire. Msoko wake unali waukhondo kuposa wa msuweni wake, koma atalowetsa batire kababu sikanayake. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Amayi, kababuka n'kakufa.” Ndinamupatsa choko n'kumupempha kuti ajambule pathebulo njira imene magetsi akudutsa, ndipo atafika pa kababu dzanja lake linaima, chifukwa anaona yekha kuti ulusi wadutsa pansi pa kababuko kuchoka bowo lina kupita linzake, moti magetsi analibe chifukwa cholowera mkati mwake. Anatenga sizasi, anadula kaulusi kosakwana sentimita imodzi kamene kanali pakati pa mabowo awiriwo, anamanga mfundo kumbali zonse ziwiri, ndipo kababu kanayaka. Sindinamuuze pamene panali vuto, ndipo pa ntchito zonse zimene zinatsatira sanabwerezenso cholakwacho.

Msuweni wake anakumana ndi lake vuto, lovuta kuliona. Iye anadula ulusi pamalo oyenera, koma kuseri kwa nsalu anasiya michira yaitali ya mfundo, ndipo mchira wa ku pulasi unkagunda msoko wa ku mainasi nthawi iliyonse akapinda nsaluyo. Kababu kankayaka nsalu ikakhala chogona pathebulo, n'kuzima akainyamula. Patapita kanthawi anati, “Azakhali, batireli likufunda,” ndipo anali kunena zoona, pakuti magetsi akachita shoti batire limatha msanga ndiponso limatentha. Tinalichotsa nthawi yomweyo, tinadula michira yonse kufupi ndi mfundo, ndipo pa mfundo iliyonse tinadontheza utoto wosaoneka mtundu wopaka m'zikhadabo kuti isamasuke ndiponso isakhudzane ndi ulusi wina. Guluu wa nsalu amagwiranso ntchito yomweyi. Kabuku ka malangizo kanatchula za kudula michira m'chiganizo chimodzi chokha, chomwe mwana angachidumphe mosavuta, pamene kwa ife ichi ndi chimene chinayambitsa mavuto ochuluka kuposa china chilichonse.

Apa ndi pamene ndinatulutsa multimeter, chida choyezera magetsi chomwe m'phukusimo mulibe, ndipo ndikuona kuti kusowa kwake ndi chilema chachikulu cha phukusili. Chidachi chili ndi poika pamene chimalira ngati nsonga zake ziwiri zakhudza malo olumikizana. Batire litachotsedwa, mwana amagunditsa nsonga imodzi kumayambiriro kwa msoko ndi ina kumapeto kwake, ndipo chikalira amadziwa kuti njira ndi yathunthu. Kenaka amagunditsa imodzi pa msoko wa pulasi ndi ina pa msoko wa mainasi, ndipo chikalira pamenepo amadziwa kuti penapake pali shoti. Ana awiriwa anachikonda chidachi kuposa timababu tomwe, moti anayamba kuyeza chilichonse chomwe chinali pafupi, sipuni, zipi ya chikwama, mphete yanga, pensulo, pofuna kudziwa chimene chimadutsa magetsi ndi chimene sichidutsa. Ndikanakhala wokonza phukusili ndikanachotsamo timababu tingapo n'kuikamo kachoyezera kosavuta, ngakhale kongolira basi. Aliyense wogula phukusi lotere ndimulangiza kuti apezeretu multimeter, ndipo yotsika mtengo ndi yokwanira pa ntchito imeneyi.

Mlungu wachiwiri tinapanga chibangili cha timababu titatu, ndipo panabuka funso limene kabuku sikanayankhe. Mnyamatayo anafuna kuti timababu tikhale pamzere umodzi, ulusi uzichoka pa kena kupita pa kena ngati mikanda, koma atatero palibe kanayaka. Chifukwa chake n'chakuti batire la CR2032 limatulutsa ma volt (muyeso wa mphamvu ya magetsi) 3 okha, pamene kababu kofiira kamafuna pafupifupi ma volt 2 ndipo kobiriwira ngati thambo kapena koyera kamafuna pafupifupi 3, kotero kuti timababu tikatsatana pa njira imodzi mphamvu yomwe ilipo simatikwanira. Njira yoyenera ndi kusoka mizere iwiri yoyenda limodzi ngati njanji, wina wolumikiza mabowo onse a pulasi ndi wina wolumikiza onse a mainasi, kuti kababu kalikonse kalandire mphamvu yonse ya batire. Kabuku kanajambula njira yoyenerayi koma sikanafotokoze chifukwa chake, ndipo mwana wa zaka 12 samvera chithunzi chomwe sichinamuuze chifukwa. Anasula msoko wonse n'kuyambiranso, akung'ung'udza, koma tsopano akhoza kufotokozera mnzake kusiyana kwa njira ziwirizi popanda kuyang'ana m'buku.

Mitundu ya timababu inatiphunzitsanso kanthu kena. Mwana wanga anasakaniza kofiira ndi kobiriwira ngati thambo pa chibangili chimodzi, ndipo batire lili latsopano tonse tinawala, koma litayamba kufooka kofiira kanapitiriza kuwala pamene kobiriwira kaja kanazilala mpaka kuzimiratu. Iye anaganiza kuti msoko wamasuka, ndipo anauyeza kawiri asanavomereze kuti vuto linali batire. Kababu kofuna mphamvu yochepa kamapirira, ndipo kofuna yambiri ndi kamene kamayamba kugonja. Ndinapezerapo mwayi wowauza kuti kababu kofiira ka LED kanapangidwa ndi Nick Holonyak mu 1962, koma panadutsa zaka pafupifupi 30 akatswiri asanakwanitse kupanga kobiriwira ngati thambo kowala bwino, ndipo amene anakwanitsa, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, analandira mphotho ya Nobel mu 2014. Mnyamatayo anakatenga kababu kaja n'kukayang'anitsitsa kwa nthawi ndithu, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiya kutitaya mwachisawawa pathebulo.

Za ulusi ndili ndi mawu awiri, oyamikira ndi odandaula. Ndikuyamikira kuti ndi wachitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa mtundu wina wofala, wa nayiloni wokutidwa ndi siliva, ngakhale uli wofewa ndi wosavuta kusoka, umada pakapita nthawi ndipo umayamba kudutsa magetsi movutikira. Chodandaulitsa ndi kuchepa kwake. Mpukutu umodzi ukanakwana ntchito zinayi zonse mwana akanakhala kuti salakwitsa, koma mwana wophunzira amasula ndi kudula kambirimbiri, ndipo ulusi wachitsulo ukasulidwa umanyanyuka moti subwerezedwa. Wathu unatha tisanayambe ntchito yachinayi ndipo ndinachita kuitanitsa wina. Tiyeneranso kudziwa kuti ulusiwu sufanana ndi waya wa kopa pa kudutsa kwa magetsi. Mita imodzi ya ulusi imaonetsa ma ohm (muyeso wa mmene chinthu chimakanizira magetsi kudutsa) makumi angapo pa multimeter, pamene waya wa kopa wotalika chimodzimodzi sufika ngakhale ohm imodzi, ndiye chifukwa chake kababu kosokedwa kutali ndi batire kamawala mofooka. Pa chibangili zimenezi sizioneka, koma mwana akafuna kukongoletsa jekete lonse, batire liyenera kukhala pafupi ndi timababu kapena msoko uyende kawiri.

Ntchito imene inandisangalatsa koposa ndi ya mabatani achitsulo. Chibangili chimatsekedwa ndi batani longodina, ndipo theka lina la batanilo limasokedwa ku ulusi wochokera ku batire pamene theka linalo limasokedwa ku ulusi wopita ku timababu. Chibangili chikakhala chotsegula njira ya magetsi ndi yoduka, ndipo mwana akachivala n'kudina batani timababu timayaka. Palibe chithunzi cha m'buku chimene chingafotokoze tanthauzo la swichi momveka kuposa pamenepa, pakuti mwana amaona ndi maso ake zitsulo ziwiri zikukumana ndipo amamva kulira kwa batani m'zala zake. Mwana wanga anatsegula ndi kutseka chibangilicho kosawerengeka, kenaka anafunsa ngati zipi yachitsulo kapena pini ingagwire ntchito yomweyo, ndipo tinatha ola lathunthu tikuyesa. Pamenepa okonza phukusili anaganiza bwino kwambiri, ndipo batanili limatetezanso batire chifukwa chibangili chikavulidwa chimazima chokha.

Kachipangizo kophethiritsa mababu sikanandifike pamtima chimodzimodzi. Kali ndi pulogalamu yoikidwiratu, ndipo bowo lililonse limapereka kawalidwe kake: lina limaphethira, lina limagunda ngati mtima, lina limawala pang'onopang'ono n'kuzilala. Ana anakondwera nako tsiku loyamba, ndipo kachidole kamene anakasokerera kanaoneka bwino zedi. Vuto ndi lakuti m'phukusi lonselo ichi ndi chinthu chokhacho chimene mwana sangaone mmene chikugwirira ntchito, ndipo kabuku sikananene ngakhale chiganizo chimodzi kuti mkatimo muli kakompyuta kakang'ono kotsatira malangizo amene munthu analemba. Mnyamatayo atafunsa ngati angasinthe liwiro la kuphethirako, ndinamuyankha kuti ndi phukusi ili sangathe. Mabowo ake alinso moyandikana kwambiri, moti mwana wa zaka 9 anavutika kuzunguliza ulusi pa bowo lina osakhudza linzake, ndipo awiri mwa mabowowo ndinamusokera ndine.

Kabuku ka malangizo kali ndi zithunzi zooneka bwino ndi mawu osavuta, koma kanalembedwa ngati kuti chilichonse chidzayenda bwino nthawi yoyamba. Zithunzi zonse zikuonetsa kumaso kwa nsalu, pomwe mavuto ambiri amakhala kuseri. Tsamba lofotokoza zochita kababu kakakana kuyaka ndi lalifupi kwambiri, ndipo likungonena kuti onani ngati batire lalowa moyenera ndiponso ngati pulasi ndi mainasi sizinasinthane. Zoyambitsa zina zimene ife tinakumana nazo, monga ulusi womasuka pa bowo, michira yogundana, ndi tiubweya ta ulusi todutsa pakati pa misoko iwiri yoyandikana, sizinatchulidwe mokwanira. Nthawi imene kabukuka kakuti ntchito iliyonse itenga ndi ya munthu wodziwa kale kusoka, ndipo ife inkatitengera kawiri kapena katatu kuposa pamenepo. Mwana amene sanagwirepo singano ayambe wayeserera msoko woyenda ndi kumanga mfundo pogwiritsa ntchito ulusi wamba pa kansalu kotsala, kuti asaphunzire zinthu ziwiri zovuta pa tsiku limodzi ndiponso kuti ulusi wachitsulo usaonongeke. Tinapezanso kuti kujambula njira yonse ndi choko pansalu, ndi kumata timababu ndi kadontho ka guluu tisanayambe kusoka, kumachepetsa kusula.

Nkhani ya batire ndiyo ndikufuna kholo lililonse liimvetse lisanagule phukusi lamtundu uwu. Ma volt 3 sangagwire mwana ngakhale atakhudza ulusi ndi manja, ndipo pa mbali imeneyi palibe choopa. Choopsa ndi kumeza. Dzina lakuti CR2032 likunena kukula kwake, mamilimita 20 m'mimba mwake ndi mamilimita 3.2 kuchindikala kwake, ndipo kukula kumeneku ndi kokwanira kutsakamira pakhosi pa mwana wamng'ono. Likatsakamira, malovu amalumikiza mbali zake ziwiri, magetsi amayamba kuyenda, ndipo pamapangika mankhwala owotcha amene angathe kuvulaza kwambiri njira ya chakudya pasanathe maola awiri. Ngakhale batire lomwe latha moti silingayatse kababu limakhalabe ndi mphamvu yokwanira kuchita zimenezi. Ngoziyi ndi yodziwika moti mu 2022 dziko la United States linakhazikitsa lamulo lotchedwa Reese's Law, lofuna kuti mabatire otere azigulitsidwa m'mapaketi ovuta kutsegula kwa ana ndiponso kuti malo ake m'zipangizo azikhala otsekeka bwino. Tolowetsamo batire ta m'phukusi lathu tinali totsegula mbali imodzi, moti batire limatuluka ndi kungolikankha ndi chala, ndipo chenjezo linalembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono kuseri kwa bokosi. Zimenezi sizinandisangalatse ngakhale pang'ono, chifukwa chinthu chovala chimayenda ndi mwana paliponse ndipo chingathe kugwera pamene pali khanda lokwawa. Ine ndinkasunga mabatire onse ndekha, ndinkawawerenga tisanayambe ndiponso tikamaliza, ndipo pa chilichonse chomwe ana anapanga tinasokerapo kathumba ka felt kophimba batire, kotsekedwa ndi ulusi wamba. Mabatire akutha tinkawamata tepi mbali zonse tisanawasunge kuti akatayidwe koyenera. Ngati pali chikayikiro choti mwana wameza batire, ayenera kupita naye kuchipatala nthawi yomweyo osadikira zizindikiro ndiponso osamusanzitsa. Panyumba pamene pali ana osakwana zaka 5, ndi bwino kufunafuna phukusi lomwe chosungira batire chake chimatsekedwa ndi sikuluwu, ndipo ngati silipezeka kuli bwino kudikira anawo akule.

Pa kulimba kwa zinthu zimene ana anapanga ndilibe dandaulo lalikulu. Chibangili chavalidwa pafupifupi tsiku lililonse ndipo tachichapa kamodzi ndi manja m'madzi ozizira, titachotsa batire, n'kuchiyanika mpaka chitaumiratu, ndipo chikuyakabe. Malo amene amayamba kufooka ndi pa mabowo, pomwe ulusi umamasuka pang'ono chifukwa cha kupindika kwa nsalu, ndipo kababu kamayamba kuthwanima kokha. Kubwerezapo misoko iwiri kapena itatu yolimba kumathetsa vutolo. Nsalu ya felt inasankhidwa bwino popeza simasuka m'mphepete ikadulidwa ndipo sitambasuka, koma mwana akafuna kusamukira pa malaya otambasuka adzapeza kuti ulusi wachitsulo sutambasuka nawo, ndipo adzafunika kusoka mokhotakhota kuti usaduke.

Bokosi likuti phukusili ndi la ana a zaka 8 kupita m'tsogolo, ndipo ndikugwirizana nazo pokhapokha ngati munthu wamkulu akhala pambali pa mwanayo, wokonzeka kulowetsa ulusi m'singano, kusunga mabatire, ndi kudziletsa kuti asamuuze yankho msanga. Mbali yomalizayi inandivuta kwambiri, chifukwa ndinkaona cholakwa mwana asanamalize msoko ndipo dzanja linkafuna kulanda singano. Munthu wamkuluyo safunika kudziwa zamagetsi, popeza zonse zofunika angaziphunzire limodzi ndi mwanayo pa ntchito yoyamba. Amene akufuna mphatso yongopereka n'kuchokapo aganize kawiri, pakuti mwana wosiyidwa yekha ndi kababu kokana kuyaka ndi kabuku kosamuthandiza adzabweza zonse m'bokosi tsiku lomwelo. Kwa mphunzitsi wokhala ndi gulu la ana, ndikuganiza kuti wamkulu mmodzi sangakwanitse kuposa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi pa tsiku loyamba, ndipo ayenera kukhala ndi ulusi wowirikiza kawiri kuposa umene wabwera m'maphukusi.

Mnyamata wa zaka 12 analimaliza phukusili msanga ndipo tsopano akufuna kathabwa kolola kulemba pulogalamu yake. Ndikuganiza zomupezera BBC micro:bit, imene inagawidwa kwa ana a sukulu ku United Kingdom mu 2016, chifukwa m'mphepete mwake muli mabowo akuluakulu otheka kumangirirapo ulusi womwewu, ndipo pulogalamu yake imalembedwa polumikiza timidadada ta malangizo pa kompyuta, zomwe zidzamupatsa mpata wosintha liwiro la kuphethira lomwe anafunsa lija. Mwana wanga yekha sanafulumire kuchoka pa singano. Timababu titatu tinatsala, ndipo wajambula kale ndi choko pa chikwama chake cha mabuku mizere iwiri, wa pulasi ndi wa mainasi, yotalikirana zala ziwiri, ndi kamtanda pamalo pamene akufuna kuti pakhale batani loti chikwama chikatsekedwa timababu tiziyaka.